Makoyilo Anayi, Onse Amoyo

Lolemba, 3 Malichi
Galimoto yayambanso kunjenjemera. M'mawa bwinobwino, injini ikangotentha basi, ngati nkhalamba ya malungo. Mayi wina watsikira panjira, akuti, "Bambo, bola ndiyende wapansi." Chipongwe! Kuuza ine, mwini digiri ya zamagetsi. Zaka zinayi kuyunivesite, zisanu kusaka ntchito, lero dalaivala wa takisi ya alamu.

Alamuwo ananena kale: injini ikadzavuta, agulitsa. Ikapita, ine ndibwerera kukawerenga ntchentche pakhonde.

Lachiwiri, 4 Malichi
Ndikukayikira makoyilo, aja opereka moto ku mapulagi. Koyilo ndi kanthu kakang'ono, kugula n'kuika, alamu osadziwa n'komwe. Ndazula onse anayi, ndayeza ndi mita yanga ya kusukulu. Onse ali bwino. Kenako ndakumbuka kuti koyilo wodwala amanama akazizira. Ndakumbuka nditamanga kale. Ophunzirafe.

Lachinayi, 6 Malichi
Kugalaja. Amakaniko, munthu woti sukulu anangoionera pawindo, mita yanga sanaiyang'ane n'komwe. Injini ikulira, yotentha, iwo kuzula waya wa koyilo mmodzimmodzi, khutu tcheru. Woyamba, injini yafooka. Wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, palibe kusintha. Ndiye kuti silinda yake, chipinda choyakira moto mu injini, inagona kalekale.

Ndinaomba m'manja. Akuti, "Musavine msanga, apulofesa, tisinthanitse kaye." Koyilo wachitatu ndi pulagi yake apita pa silinda yoyamba. Matenda akawatsatira, ndi koyilo, ndapulumuka. Akatsala pomwepo, ndi injini.

Ndinapempherera koyilo kuti akhale wakufa. Munthu wamkulu, wandevu.

Atsala pomwepo. Akuti mpweya ukuthawira m'kati ikatentha, kukonza kwake mpaka kuphwasula injini yonse.

Lamulungu, 9 Malichi
Ndawauza alamu. Achemwali maso pansi, ngati ndine ndaswa mbale. Wogula wapezeka kale, changu chake chokayikitsa: aphunzitsi opuma ntchito, akufuna takisi yoti iwasunge paukalamba. Alamu akuti aphunzitsiwo abwere mamawa injini ili yozizira, ndiwayendetse pang'ono, ndiwauze kuti makoyilo ndinayeza ndekha. "Si bodza, mlamu. Komanso mawu a munthu wophunzira amalemera."

Zaka zisanu, digiri yanga yapeza ntchito.

Akuti ikagulidwa andiganizira akadzapeza ina. Ikakanika chifukwa cha ine, ndisadzapondenso pakhomo pawo.

Lolemba, 10 Malichi
Aphunzitsi anabwera atamanga tayi. Kusisita boneti ngati mutu wa mdzukulu. Tinazungulira kamodzi, injini ya ulemu ngati mkamwini watsopano. Akuti, "Ndakhutira, mwanangu." Pageti alamu akukweza dzanja kuti ndiime.

Sindinaime. Musandifunse, inenso sindikudziwa. Ndinapitirira mpaka inatentha, mpaka mano a aphunzitsi anayamba kugundana. Anatsika, kundigwira dzanja, ulendo wa kwawo.

Makiyi ndawapatsira achemwali pawindo. Sanatsegule chitseko.

Mawa Lachiwiri. Kudzuka sikisi koloko ngati kale, ndiyeno...