Gudumu la Achimwene

Lachinayi, 18 Seputembala 1958

Mvula chiyambire m'mawa. Nkhuni zonyowa, utsi wokhawokha, tiyi kununkha mwaye. Achimwene a Lias tawatulutsa m'ngolo, tawagoneka m'katenti pafupi ndi mpanda, monga timachitira ife Aromani, anthu okhala m'ngolo zoyendayenda, munthu akayandikira kufa. Iwonso akudziwa. Chifuwa chikungolira ngati chitseko chakale. Zakuchipatala akana. Ati, "Ndinabadwira pamsewu, mukufuna ndikafere pabedi la anthu am'nyumba?" Akazi awo, alamu anga a Mizelli, anangowafunditsa jekete.

Ine tsiku lonse kupukuta gudumu lathu lanjuga, poti manja asowa chochita. Misomali yake yamkuwa ija, umodziumodzi. Zithunzi zakenso, hatchi, nangula, mtima, chisoti, nkhunda, nsomba. Penti wa nsomba wayamba kusupuka. Tinalipanga tokha, iwo kusema ndi kukhoma, ine kujambula, ndipo zilembo ndikulemba nazo umuzi ndinaziphunzirira momwemo, pokopera zikwangwani za eni makatungwe. Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Iwo kuzunguza, ine kuitana anthu. Munthu aike kobiri pa chithunzi chomwe wakonda, gudumu likaima pomwepo alandire asanu. Kuseri kwa mtengo woimikirapo kuli kathabwa kamene achimwene amakanikiza ndi bondo anthu akaunjikana pa chithunzi chimodzi, kuti gudumu lisaime pamenepo. Ine sindinakakhudzepo. Yanga ndi pakamwa basi.

Msika wa mahatchi wa ku Brough watsala masiku khumi ndi awiri.

Loweruka, 20 Seputembala

Apita. Dzuwa litangokwera pang'ono. Ndinali kuwauza ya mlimi wa ku Malton uja anabetcha nsapato zake n'kubwerera kwawo ndi masokosi, ndiye ndili pakati ati, "Kiah, nkhani imeneyi umaitalikitsa chaka chilichonse." Mawu omaliza amenewo. Ine ndinapitiriza mpaka kumapeto, osadziwa kuti ndikuuza munthu woti kulibe. Rodi, mwana wawo wamkazi, ndiye anadzandigwira paphewa.

Dzina lawo ndalilemba dzana komaliza. Kuyambira lero silitulukanso pakamwa pa aliyense wa ife, angamve n'kubwerera. Sitiphika mpaka tiwaike. Buledi ndi madzi.

Lachiwiri, 23 Seputembala

Taika. Ngolo khumi ndi zinayi zinabwera, ena ochokera ku Durham konse. Maluwa mbwee. Wansembe kufulumira ngati wasiya mphika pamoto.

Pobwerera alamu andiitanira kuseri kwa ngolo. Mawa moto. Ngolo yawo, zofunda, zovala, zingwe za hatchi, zonse. Mbale kuswa, maketulo kuphwanya n'kukaponya mumtsinje. Zimenezi ndikuzidziwa, tinatero ndi za bambo, tinatero ndi za malemu mkazi wanga, machesi ndinakhwatcha ndekha. Koma iwo ati ndi gudumu lomwe.

Ndinati alamu, gudumulo theka ndi langa, nanga nsomba ija anajambula ndani? Ati, "Ndiye palani penti wanuyo mutenge, mtengowo ndi wawo. Thukuta la manja awo lalowerera m'menemo, mukufuna azibwera kudzalifuna?" Ndinati nanga ine ndizitani, zaka 68, mano anayi, malonda a mahatchi sindiwatha, zopanira zovala ndikasema zimatuluka zokhota. Ati, "Muzidya zomwe tikudya ife. Pakamwapo ndiye muzipapumitsako."

Kudya si nkhani. Koma woitana anthu aziwaitanira chiyani? Popanda gudumu ndine nkhalamba yolongolola pamoto wa eni ake. Jobi, mwamuna wa Rodi, watchulapo kawiri za nyumba yosungira okalamba ya m'tauni, ati muli mabedi oyera ndi wailesi. Amanena akuyang'ana kumbali.

Lachitatu, 24 Seputembala

Ndachita. M'mawa amuna atapita kukamwetsa mahatchi, amayi ali kalikiliki kulongedza, ndinatenga gudumu lapadera la ngolo yanga, lomwe ndimasungira ngozi lija, n'kulikulunga m'nsalu yobiriwira yomwe timafunditsa lenilenilo. Kumanga ndi chingwe bwinobwino. Ndinalinyamula ndekha onse akuona, n'kukaliika pabedi la malemu. Ndinalira, ndipo misoziyo sinali yabodza. Lenileni ndi mtengo wake zili kunsi kwa bedi langa.

Moto tinayatsa masana. Ngolo yokongola ija. Magalasi kuphulika phu, phu, penti wagolide kuchita thovu n'kuda. Anthu am'nyumba anaima mumsewu kuonerera ngati tawakonzera masewero, wina ndi kamera, Jobi anamupitikitsa mpaka pamlatho.

Lachinayi, 25 Seputembala

Chitsiru ine. Nkhalamba yopanda mutu. Phulusa likazizira amayi amalisefa kufuna zitsulo zokaponya m'madzi, ndaziona kangati zimenezi? Alamu anatulutsa mikombero yachitsulo ya magudumu n'kuisanja paudzu. Isanu. Ngolo ya magudumu anayi. Msomali wamkuwa ngakhale umodzi osapezeka, anasefa kawiri.

Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kuti, "Alamu, ngolo ya amuna anga yabereka." Palibe anaseka.

Nthawi ya tiyi kapu yanga ndinaipeza pamwala, payokha, kutali ndi zinzake. Mbale chimodzimodzi. Anandithirira ndi Rodi, mkono atautambasula kuti ketulo isagunde kapu. Wasunga cha wakufa ndiye kuti wada, ndi zonse zomwe wakhudza. Ndikudziwa. Ndinazichitirapo ena.

Lamulungu, 28 Seputembala

Tsiku lachitatu panjira. Ngolo yanga kumapeto, ndipo pakati pa ine ndi iwo pamatsala mpata woti basi n'kulowapo. Dzulo titaima ndinayamba ya chimbalangondo chovina chimene chinathawa ku Hull n'kukalowa m'tchalitchi, nkhani yoti anthu amagwa nayo pansi. Mmodzimmodzi kunyamuka, uyu kukaona hatchi, uyu kukatunga madzi oti atunga kale. Ndinamalizira galu.

Ndiye ndizilemba umu. Pensulo yatsala ngati kachala.

Rodi anandipeza ndikumasula hatchi. Anaima patali ndithu. Ati, "Abambo aang'ono, liotcheni lero lomwe, amayi aziiwala zonse. Sakugona, akuti akumalimva likulira tiki tiki m'ngolo mwanu." Ndinati ndi mbewa zimenezo. Ndinati mwanawe, ndilole Brough yokha, tsiku limodzi, ndiime pamaso pa anthu kamodzi kokha kenako ndiyatsa ndekha. Ati, "Mukunama. Ikatha Brough muti msika wa ku Yarm wokha." Amandidziwa mwana ameneyu. Ndinamunyamulapo paphewa kudutsa misika yonse ya kumpoto kuno, ali ndi switi m'tsitsi.

Lolemba, 29 Seputembala

Tafika. Matope ofika m'mawondo. Chaka chino makina akuluakulu okweramo anthu achuluka, magetsi amitundumitundu, nyimbo zotuluka m'malipenga achitsulo zoti munthu sungamve ngakhale kutsokomola kwako. Eni makinawo ali ndi malole tsopano, ife amationa ngati nsabwe. Malo athu akale, pafupi ndi a masewero oponya mphete, alipobe. Woyang'anira bwalo wati apolisi akafika iye sandidziwa. Chaka chilichonse amatero.

Ndakhala m'ngolo kuyeserera kathabwa kaja. Ndikakanikiza pang'ono gudumu silimva. Ndikawonjezera liima nji. Achimwene ankatha bwanji, uku akuseka ndi anthu, kaliwo pakamwa, gudumu n'kumangofooka lokha ngati latopa? Zaka zonsezi ndinkati ntchito yovuta ndi yanga.

Lachiwiri, 30 Seputembala

Ndilembe ndithu.

Poyamba zinayenda. Mawu alipobe, makina sanandigonjetse. "Bwerani abwana, bwerani amayi, kobiri limodzi likuberekereni asanu! Inu achipewa chachikulu, mwagulitsa hatchi yakhungu ija, ndalamazo zikukuotchani m'thumba, bwerani nazo ziziziritsidwe!" Anthu anadzaza. Nthabwala zikungobwera zokha, msana kuwongoka, ndinaiwala zaka zanga. Kuzunguza kanayi osakhudza kathabwa, kudya pang'ono, kudyedwa pang'ono.

Kenako alimi anaunjikana pa chithunzi cha hatchi, masheleni, osati makobiri. Ndi pamenepo pomwe nthawi zonse ndimakweza dzanja n'kufuula kuti achimwene azunguze, kutchula dzina lawo molikoka, anthu n'kuvomereza. Sindinaganize. Pakamwa panachita pokha. Dzina lawo, lonse, mokweza, mpaka kuphiri linamveka. Ndipo akalekale amene amatidziwa anavomereza, kawiri, akuseka, wina n'kufunsa kuti mkulu uja wabisala kuti lero.

Alamu anali pomwepo, kuseri kwa oponya mphete, dengu la zopanira zovala pamkono. Dengu linagwa. Sanatole.

Ndinazunguza mutu uli kwina. Likuyandikira hatchi, bondo linakankha ndi mantha, gudumu kuima gwa ngati lagunda khoma. Ngakhale wakhungu akanaona. "Wakuba!" Tebulo m'mwamba, ndalama m'matope, chibakera pakhutu, nsapato m'nthiti. Kale zikatere ndimangoimba mluzu, amuna akwathu n'kutulukira mbali zonse, malaya atavula kale. Ndinaimba. Ndinaona Jobi ataima pafupi ndi katungwe, manja m'thumba. Anatembenuka.

Mano atsala atatu.

Lachitatu, 1 Okutobala

Kupuma kukuvuta. Chigonere. Gudumu ndinalikoka mpaka kuno dzulo, lang'aluka pakati pa mtima ndi nkhunda. Pakhomo ndapeza buledi ndi msuzi m'chitini. Osati m'mbale. Chitini amataya.

Masana alamu anabwera, anaima pansi, sanaponde makwerero. Sananditchule kuti alamu. Ati, "Mwawaitana. Akabwera muwalandire nokha."

Ndinati ndiotcha mawa, mutu wanga, ndiotcha. Ndinanena zambiri, za mmene tinkayendera atatu, za chaka cha chisanu chija tinagona ngolo imodzi ndi mbuzi. Nditasuzumira panja panalibe munthu.

Lachinayi, 2 Okutobala

Ndadzuka dzuwa lili pamutu, nthiti kuwawa. Pamalo pathu patsala phulusa la moto ndi mizere ya magudumu m'matope. Kaya anakulunga ziboda za mahatchi m'masaka, kaya ndine ndinagona ngati mwala, sindikudziwa. Galu yemwe wapita nawo. Hatchi yanga andisiyira, ataimwetsa, udzu ataiunjikira. Ameneyo ndi Rodi.

Ndaotcha. Palafini pang'ono, linayaka msanga, mtengo wouma wa zaka zonsezi. Nsomba ndiyo inatsirizira. Sindinadikire kuti phulusa lizizire, misomali ndaitola ndi manja yonse, ndakaponya mumtsinje. Zala matuza okhaokha.

Woona panalibe. Vuto ndi limenelo. Akawauza ndani?

Ndikawapeza ndikangowaonetsa manjawa. Yarm ndi masabata awiri kutsogolo, koma alamu sangalowere kumene akudziwa kuti ndikawadikirira.

Loweruka, 4 Okutobala

Pamphambano ina, dzina sindikulidziwa, chikwangwani chake chinagwa.

Otsogola amasiyira otsalira udzu wodzaza dzanja m'mbali mwa njira yomwe alowera, kamwala pamwamba kuti mphepo isauluze. Ngakhale munthu mwatukwanizana naye dzulo lake mumamusiyira. Dzulo pamphambano yoyamba panalibe, ndinati mvula yakokolola. Yachiwiri panalibe, ndinati nkhosa zadya. Ndinangotsata mizere ya m'matope mpaka pomwe payambira msewu wa tala, ndipo patala ngolo siisiya kanthu.

Pano njira zitatu. Ndakwawa ndi mawondo mbali zonse, nthiti zikulasa. Pa njira yakumpoto ndapeza kamwala kaphanthiphanthi, kunsi kwake timaudzu titatu tophwanyika, ngati wina anaika, wina n'kudzachotsa. Rodi angaike. Jobi angachotse. Kapena ndi mwala chabe.

Galimoto ya apolisi yadutsa kawiri. Ati dzuwa likamalowa ndisapezeke pano. Wamkuluyo anayang'ana manja anga n'kufunsa ngati ndili ndi abale oti n'kuwadziwitsa, apo ayi iwo akudziwa malo abwino osungirako anthu ngati ine. Ndinati abale alipo, ali patsogolo. Ati, "Patsogolo pake pati, agogo?" Ndinaloza kumpoto. Dzanja linaloza lokha.

Kumpotoko ndi chikweza, hatchi yataya chitsulo cha mwendo wakumbuyo, buledi watha dzulo. Pensulo nayo ikutha. Ndimange hatchi basi, apolisi asanabwerenso. Ngati si kumpoto