Katoni ya Shamim Munayatsira Mbaula

Okondedwa achimwene a Uladi,

Asalamu alaikumu. Ndikufuna kumva za moyo wanu konko ku Chikweo, komanso ngati mwendo wa amayi uja unaphwa. Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu chafika poti madzi ochapira akuluma zala, ndipo abwana anasamukira kutali moti kuntchito ndikumalawirira. Koma si zimenezi zandigwiritsa cholembera.

Achimwene, ndakwiya. Ndakwiya zedi. Pafoni mukanandidula mawu monga mwa masiku onse, ndiye ndati bola ndilembe.

Anandiimbira a Bernadetta, aphunzitsi a mwana wanga Shamim. Akuti anauza ana a m'kalasi mwawo kuti aliyense ajambule kumene anachokera, adzapachike pakhoma tsiku lotsekera sukulu, makolo adzaone. Poti utoto kulibe, anawo ankajambula ndi makala, katondo ndi phulusa pa makatoni. Ena anajambula bwato la agogo awo ku nyanja ya Chiuta, ena munda wa thonje. Shamim anajambula bambo ake, malemu Walter, ali panjinga yawo ija, dengu la matemba kumbuyo. Pankhope anangosiya poyera, chifukwa Walter anatisiya mwanayu akukwawa, ndipo chithunzi chake tilibe. Katoniyo anabwera nayo kunyumba kuti amalume ake mumuuze mmene bambo ake ankaonekera.

Inu n'kuing'amba, n'kuyatsira mbaula. Mwana akuona!

Akuti munamuuza kuti mwana ndi wa mbumba ya amake, mkamwini ndi wongodutsa, mbiri ya mwanayo ili kwathu ku Chikweo basi. Wongodutsa? Walter? Denga limene limakutchingirani mvulalo anakhoma ndani? Amayi atakomoka chaka chija, anawakweza panjinga yomweyo kudutsa m'matope mpaka kuchipatala ndani, inu muli pa bawo? Ndikudziwa simunamufune chifukwa anali wa tchalitchi, wochokera kwa Kalembo. Ndipo musayerekeze kunamizira chipembedzo kuti kujambula anthu n'koletsedwa. Pakhoma panu pali kalendala ya anyamata a mpira, nkhope zawo zili mbee, koma imeneyo simunaiwotche.

Pano mwana wasiya sukulu, mayeso ali pafupi. Aphunzitsiwo atamulondola anamupeza atakhala m'munda wa chinangwa. Anawauza kuti iye alibe kochokera, ndiye palibe choti ajambule. Mwana wa zaka khumi kuyankhula choncho! Nditamva ndinalira m'khitchini mwa eni. Ine ndikuswa msana kuchapira ana a anthu kuti wanga aphunzire, osati azibisala m'chinangwa.

Umwini mbumba sindikukulandani, iyayi. Koma mwini mbumba amasunga, sawotcha.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite pagolosale ya a Usumani mukapemphe katoni ina, mumupatse Shamim ndi dzanja lanu, osatuma alamu, ndipo mumuperekeze nokha kusukulu. Ngati simungathe nenani msanga, ndibwere ndidzamutule kwa azakhali ake kwa Kalembo. Anthu adzanene zonena zawozo, ine sizindikhudza.

Za nkhope musavutike nazo, poti pakamwa panu dzina la Walter limawawa. Ingobwerekani galasi la alamu, mumuuze aziyang'anamo n'kumajambula. Mpata wa m'mano uja, makutu oima aja, chipumi chija, zonse ndi bambo ake. Nkhope imeneyo ndi imene imakugwadirani ndi madzi osamba m'manja tsiku lililonse. Kapena nayonso muyatsira mbaula?

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu a Asiya ndi ana onse. Shamim mumuuze kuti tsiku lotsekeralo a Bernadetta adzandijambulira khomalo pafoni. Ndidzayang'ana njinga ya dengu la matemba, ndipo ikadzasowa ndidzadziwa yankho lanu.

Ndine mlongo wanu,
Fauziya