Liwiro la zipolopolo za a Oddvar

Lachiwiri, 28 Epulo

Chipale chofewa chasungunuka kubwalo lowomberako, kwatsala matope. Mpikisano wa mamita chikwi uli pa 23 Meyi. Amuna anga, a Oddvar, alembetsa kale dzina.

Mkangano pa khofi wam'mawa. Zaka zonsezi zipolopolo zawo amazithira okha onga m'chipinda chapansi, ndipo zimathamanga mamita 840 pa sekondi. Chaka chino akufuna 880. Ndawakumbutsa kuti onga wambiri umadya mpope wa mfuti, ndipo mpope watsopano si wa anthu odya penshoni. Iwo akuti, "Mayi a Tuva, mphepo izidzati ikudzuka, chipolopolo chafika kale."

Ndaseka. Koma kale sankaiopa mphepo. Ankangoyang'ana udzu n'kudziwa.

Loweruka, 2 Meyi

Kuyesa zipolopolo zatsopano. Ine pa makina oyezera liwiro, monga mwa masiku onse. Zoyambazo bwinobwino: 878, 881, 879. Kenako kulira kwachilendo. Makina akuti 934.

Utsi kumaso kwawo. Chotsekera mfuti chakana kutseguka mpaka a Eilif, mnzawo wa kuubwana, achita kuchimenya ndi chikhatho. Khoko la chipolopolo latuluka lotupa, long'aluka kumbuyo. Mwayi a Oddvar anavala magalasi.

A Eilif anayamba ndi nthabwala: "Mkulu, mukufuna kuwombera ku Sweden kodi?" Atalitembenuza khoko lija m'manja anasiya kuseka. Anandiyang'ana ine.

A Oddvar akuti sikelo yawonongeka. Njira yonse yobwerera, sikelo, sikelo.

Lachiwiri, 5 Meyi

Apita kukachotsa dzino. Ndatsikira pansi, ndamasula zipolopolo zonse zotsala, kuyeza onga wa chilichonse. Zambiri zili bwino. Zina zadzaza mopitirira. Chimodzi mulibe onga n'komwe.

Sikelo ilibe vuto. Ndaiyesa ndi miyala yake yoyesera.

Ndakhala pampando wawo nthawi yaitali. Munthu amene anandiphunzitsa kuti pothira onga sulankhula, suyatsa wailesi, suyankha foni. Zina zimene ndakhala ndikuzikankhira kumbali zabwera zokha. Tsiku lija anaphonya msewu wa kwa Tuva, mwana wathu yekhayo, n'kunena kuti asintha zikwangwani. Mbatata zothiridwa mchere kawiri.

Chikanaphulika chija, nkhope ikanapita.

Lachisanu, 8 Meyi

Kwa dokotala. Ndinawanamiza kuti n'zoyeza magazi. Anawapatsa mawu ochepa oti asunge m'mutu, n'kuwauza ajambule wotchi. Manambala onse anaunjikana mbali imodzi. Ine maso pa nsapato zanga.

Dokotala, mayi wofatsa, akuti kuyeza kwina kukubwera, koma za mfuti ndi galimoto tiyambe kuziganizira panopa.

Pobwerera m'galimoto. Pafupi ndi mlatho iwo akuti: "Ndinu munamuuza za zipolopolo." Ndavomera. "Zaka makumi anayi m'banja, simukanayamba mwandiuza ine?"

Pamenepo sanalakwe.

Lachitatu, 13 Meyi

Masiku osalankhulana. Amadya buledi ndi tchizi ataimirira pazenera. Kiyi wa kabati ya onga ali m'thumba la juzi yanga, akudziwa, sanafunse.

Dzulo ndinayamba ndine. Ndinati mpikisano uno apite, koma onga ndithira ine, iwo akhale pambali aziona. Ukatha, mfuti zichoke. Anayankha kuti: "Mulibe dzanja la onga inu, mumathira ngati shuga." Ndiye kuti avomera.

Lero tathira limodzi. Ine pa sikelo, iwo kuwerenga nambala mokweza. Magulu angapo, lililonse onga wochulukirapo pang'ono kuposa linzake. Manja awo akadali okhazikika kuposa anga. Zimenezo n'zimene zikundipweteka.

Loweruka, 16 Meyi

Kubwalo, kamvula kowaza. Magulu othamanga kwambiri amwaza mabowo pa chandamale, lina kumwamba, lina kunsi. Gulu la 845 mabowo ake akumbatirana, ungawaphimbe ndi chikhatho. Liwiro lake losasinthasintha, ndipo makoko atuluka osalala.

Iwo akufunabe 880. Anachita kukweza mawu, anthu n'kutembenuka. Kenako motsitsa, kuti a Eilif asamve: "Mbendera zoonetsa mphepo zija ndimaziona zikuuluka, koma sindikudziwanso zikundiuza chiyani."

Ndiye chinali chimenecho kuyambira pachiyambi. Amafuna chipolopolo chothamanga kuti chibise zimene zawachokera.

Ndawauza kuti mphepo ndiwerenga ine, malamulo amalola wothandiza. Iwo angogwira mfuti. Tasankha 845.

Loweruka, 23 Meyi

Mphepo yochokera kumanzere, yosinthasintha. Ndinagona pambali pawo ndi galasi langa loonera patali, kuwanong'oneza poti aloze. Kawiri ndinalakwitsa ine, chipolopolo n'kudutsa m'mphepete. Sanandidzudzule.

Chomaliza, chitsulo cha pa mamita chikwi. Anapuma, n'kukoka. Kudikira kuja. Kenako kulira kwa chitsulo kuchokera kutsidya kwa dambo, kochedwa, kochepa.

Tathera pakati pa mndandanda. A Eilif anabwera ndi khofi ndi makeke a mawafo, akuti, "Nkhalamba iyi ikanakhala ndi mkazi wodziwa mphepo bwenzi itatenga chikho." A Oddvar anaseka mpaka kutsokomola. Pobwerera anagona, mutu pagalasi, ine ndikuyendetsa.

Lachinayi, 11 Juni

Mapepala a kupolisi osinthira umwini wa mfuti atha. Mfuti zonse zapita kwa a Eilif. A Oddvar anazipukuta okha, kuziika m'matumba, kuzinyamula okha mpaka m'galimoto. Ya mpikisano ija anaipereka pomaliza. Anati, "Usaithamangitse, Eilif, siikonda." Anagwirana chanza ngati alendo.

Ine ndinalowa m'bafa, n'kutsegula madzi.

Lolemba, 21 Seputembala

Sindinalembe chilimwe chonse. Zolemba zake ziti. Mankhwala m'mawa, kuyenda pang'ono ndi galu, Tuva Lamlungu lililonse. Masiku ena ali bwino ndithu, mpaka ndimadzifunsa ngati sitinafulumire.

Masamba a mitengo afiira. Anthu ayamba kukonzekera uzimba wa mphalapala, kubwalo kukumveka mfuti kuyambira m'mawa. Iwo anaima pakhonde kumvetsera, kenako anatsikira pansi. Ndinaganiza kuti akukatenga nkhuni.

Andiitana. Ndawapeza ataima patsogolo pa kabati ya mfuti, chitseko chili chotsegula, mkati mopanda kanthu. Nkhope yoyera ngati pepala. "Mayi a Tuva, atibera. Imbirani apolisi."

Ndati ndikukatenga foni. Ndakwera kuno, ndakhala patebulo. Ndikawauza kuti mfuti anazinyamula okha n'kupatsa a Eilif, zikhala ngati aziperekanso kachiwiri lero, ndipo mwina mawa kachitatu. Ndikapanda kuwauza, agona akudziwa kuti m'nyumba mwawo munalowa wakuba iwo osamva.

Akuitananso. Ayamba kukwera masitepe