Akuti Ndinakuthamangitsa

Kamwendo, Mchinji
16 Marichi 2008

Wokondedwa mwana wanga Pius,

Ndiyambe ndi moni poti ndi mmene tinaleredwera, ngakhale mtima ukufuna kuyamba ndi zina. Uli bwanji kumeneko ku Joni? Chifuwa chija chimakugwira nyengo yozizira chinakusiya? Kuno tilipo. Ine ndi bondo lomwe lija. Atsibweni ako a Stanley shuga akuwasautsa, koma njinga akupalasabe. Mvula yagwa bwino, fodya wachita, ndipo tili mkati mothyola ndi kusoka.

Tsopano khala pansi uwerenge bwino. Ndakuona pa kanema.

Ukuikumbukira nyumba ya vidiyo ya Dickson kuseri kwa msika, ija unkazembera sukulu kukaonera makarate. Chaka chatha anagula dishi, ndiye masiku ano amakoka kanema wa ku Joni komweko. Loweruka lina mwezi watha anthu anadzaza kudikira mpira. Mpirawo usanayambe kunabwera pulogalamu ya amuna okondana ndi amuna anzawo, ochokera m'maiko osiyanasiyana. Anthu anayamba kukuwiza kuti asinthe. Dickson atangotambasula dzanja, wina anati dikirani kaye, uyo si mwana wa a Nankhoma uyo?

Kodi unkayesa kuti za ku Joni zimathera ku Joni? Ndinakuphunzitsa mpaka Folomu 4 kuti usadziwe kuti pa Kamwendo pali madishi?

Dickson umamudziwa, sataya mpata. Pulogalamu ija itabwerezedwa anaijambula pa tepi, n'kumaionetsa tsiku ndi tsiku. Amagwira chinkuzamawu n'kumamasulira Chizungu chako m'Chichewa, akuthirako mchere wake, anthu n'kumagwa ndi phwete.

Ine ndinadziwira ku chigayo. Ndinangofika, amayi onse kukamwa tseke, maso pa malichero. Mayi Esitele a mu mphakati wathu ndiwo anandikokera pambali n'kundinong'oneza.

Sindimakonda zomva. M'mawa mwake ndinatenga atsibweni ako, poti anaphunzitsa Chizungu mpaka kupuma ntchito, ndipo tinapita kwa Dickson dzuwa lili pamutu. Tangoganiza, ine ndi duku langa pa benchi pakati pa anyamata onunkha thukuta. Dickson anayesa kuzemba kuti tepi yasowa. Ndinamuuza kuti aifune ndikudikira, ndipo akaipeza chinkuzamawu chake aike pansi. Atsibweni ako ndinawauza kuti amasulire mawu ndi mawu, asandichitire chisoni.

Utangotulukira ndinakondwa, ndisaname. Wanenepa, malaya oyera, mpata wa m'mano uja ulipobe. Zaka zonsezi osakuona, ndinatsala pang'ono kukweza dzanja kuti ndikubayibitse. Ndinaiwala chimene ndinadzera.

Kenaka mawu a atsibweni ako anayamba kuchepa. Anati ukunena kuti unabadwira m'mudzi wosauka ku Malawi. Anati ukunena kuti mayi ako atadziwa za iwe anakutayira zovala panja. Apa ndinachita kuwatsina pa ntchafu kuti apitirize. Anati ukunena kuti ndinakuthamangitsa ndi chikwanje, ndikukuwa kuti mwana wotere sindinabereke ine.

Ukulankhula choncho, azungu ako okonza pulogalamuyo ankaonetsa tinyumba ta udzu togumuka, galu wa nthiti pamtunda, ndi mayi wina chapatali akuwaza nkhuni, kanyimbo ka maliro kakulira pansipansi. Mudzi umenewo sindikuudziwa, ngakhale mapiri ake si a ku Mchinji. Nyumba yathu ndi ya malata, ndipo ena mwa malatawo unakhoma ndiwe.

Pius, tandiuza, chikwanjecho ndinachinyamula liti?

Ine ndinadziwa za iwe usanadzidziwe wekha. Tsiku lija ndinakupeza ndi mnzako Vitus m'chigafa cha fodya, ndinakhosomola, n'kubwerera kunyumba kukawonjezera ndiwo kuti zikwane anthu awiri. Kulira ndinalira, koma kuchipinda ndekha. Kolona ndinapemphera mpaka mikanda inaterera. Kumvetsa sindinamvetse, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndikumvetsa. Koma pakamwa panga panatuluka liwu loti choka?

Achibale akabwera ndi maina a atsikana, ndani ankawabweza? Ndinkati mwana akadali pa sukulu. Sukulu itatha ndinkati ayambe wapeza ntchito. Ndinanama mpaka mabodza anandithera, ndipo uliwonse ndinkakaulapa Loweruka.

Za ku Joni unanena wekha, kuti kuno ukubanika. Ndinakukazingira mtedza, ndinakuphera tambala, ndipo chikwama chako chinali pamutu panga mpaka pa minibasi ya ku Lilongwe. Vitus ankatitsatira pambuyo akukankha njinga yake. Pobwerera anandikweza ine.

Atsibweni ako akuti ndisapse mtima kwambiri. Akuti kumaiko a eni, munthu ngati iwe kuti amupatse mapepala okhalira amayenera kuonetsa kuti kwawo anathawa moto. Mwina ndi zoona. Koma nkhanga zinapangana kusanapse, mwanawe. Ukanandilembera kuti amayi, ndikufuna ndikuipitsireni dzina pamaso pa kalaliki wa boma kuti ndipeze pogona, mwina ndikanati ipitsa, kalalikiyo sandidziwa. Koma iwe unakaima pamaso pa dziko lonse, utavala bwino, n'kumagwetsa misozi. Misozi imeneyo ndiyo yandipweteka kuposa mawu.

Ndipo za ine n'zochepa. Unatulutsa chithunzi chija munajambulitsa ndi Vitus ku situdiyo ya ku boma, mutagwirana m'mapewa. Unachiyandikiza pa makina awo n'kunena kuti uyu ndiye chikondi changa choyamba. Anzako ena a m'pulogalamuyo ndinaona kuti nkhope zawo anazibisa, zinkangooneka ngati nkhungu. Iwowo anafunsidwa. Vitus anamufunsa ndani?

Iwe uli kumene lamulo limakuteteza. Iye ali pa Kamwendo, ndipo lamulo la kuno ukulidziwa.

Lolemba lotsatira pulogalamu ija, Vitus atafika kuntchito kwake pa siteji ya kabaza, anzake omwe amadya nawo chipisi anamulanda njinga. Anacheka matayala, khushoni anang'amba, njingayo n'kuiponya m'ngalande. Iyeyo anamumenya mpaka diso linatsekeka. Eni nyumba anamuikira katundu panja, kwawo anamuuza kuti asapondeko. Ankaganiza zowolokera ku Chipata, koma tepi ya Dickson inali itamutsogolera kale ndi anyamata ogulitsa mafuta.

Anafika pakhomo pano masana, n'kuima patali ngati mlendo. Anati amayi, sindinabwere kudzakuvutitsani, ndingomwako madzi. Ndinamutsegulira chipinda chako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyu ndakhala ndikumuphikira kuyambira ali ndi kabudula.

Tsopano imva chimene bodza lako lachita kuno, poti ichi sunachiganizire.

Ndinkayembekeza kuti anthu andinyoza. M'malo mwake anayamba kunditamanda. Kumsika amandipatsa moni ndi manja awiri. Bambo wina wa m'khonsolo ya tchalitchi anatsika njinga pamsewu kudzandiuza kuti amayi onse akanakhala olimba mtima ngati ine, dziko silikanaonongeka. Mayi Esitele anandibweretsera dzungu, ati pepani tinkakuganizirani molakwa, tinkayesa mumamulekerera, osadziwa kuti munagwira chikwanje.

Ndinaseka kuti ndisalire. Azungu ako akundiona ngati chilombo chifukwa cha chikwanje, anthu akwathu akundiona ngati woyera chifukwa cha chikwanje chomwecho, ndipo chikwanjecho kulibe.

Ndakhala ndikuziganizira ndikusoka fodya. M'masewero a pa wailesi kuno, mwamuna ngati iwe amamupatsa mawu opyapyala kuti tiseke. M'mafilimu a ku Nigeria amene Dickson amaonetsa, amakhala ndi ziwanda mpaka abusa amugwetse pansi. Kwa azungu ako ndi mwana wamasiye wothawa m'mudzi wa anthu olusa. Aliyense akusankha chimene chimukomera. Mnyamata amene amadziwa kusankha fodya kuposa amuna onse a m'mudzi muno, waulesi podzuka, wokonda kuimba Gloria mokweza kuposa kwaya, ameneyo sindinamuonepo pa kanema aliyense. Nawenso utapatsidwa mpata sunamuonetse.

Ulemu uja ndinaulandira masabata angapo, ndili chete. Unkakoma, ndisabise. Mkazi wamasiye sapatsidwa moni wa manja awiri kawirikawiri. Vitus ankakhala m'nyumba, potuluka ankadzera kuseri, ndipo ndinkaganiza kuti zipita zokha.

Lachinayi lapitali mphakati unakumana kwa mayi Esitele. Titatha kuwerenga Mawu, iwo anaimirira n'kunena kuti amayi agwirizana kuti ine ndikhale wapampando chaka chino. Anati ndiyambe ndi kulangiza amayi achitsikana mmene ndinalimbira mtima pochotsa choipa m'nyumba. Kenaka anatsitsa mawu, ati pali mphekesera yoti mnyamata wa kabaza uja akugona kwanu, koma tikudziwa kuti anangokukakamirani, ndiye malizani ntchito imene munaiyamba. Anati anyamata alipo okonzeka kundithandiza kumutulutsa.

Onse anaomba m'manja. Bondo linakana, koma ndinaimirira.

Ndinawauza kuti mwana wanga wanama. Ndinati sindinamuthamangitse, ndinamuperekeza ndi kamba wa paulendo, ndipo atabwera mawa ndidzamuyalira mphasa. Ndinati ndinkadziwa kuyambira kale. Ndinati Vitus sanandikakamire, ndinamuitana ndine, ndipo wofuna kumutulutsa ayambe wanditulutsa ine m'nyumba imene anandisiyira malemu amuna anga.

Mayi Esitele anangoyambitsa nyimbo yotsekera, pemphero lomaliza osachita. Ndinabwerera ndekha.

Kuyambira tsiku limenelo amayi amene timathandizana kusoka fodya sanapondenso pano. Masamba akupsa m'munda msanga kuposa manja athu, ena ayamba kuthothoka. Tikusoka ndi ine, Vitus ndi diso lake limodzi, ndi atsibweni ako amene singano imawagwa m'manja. Lero kutchalitchi benchi yanga inali yotakasuka, ndinachita kuika chikwama uku, ambulera uku. Miyala iwiri itatu yagwapo padenga. Sindikulemba izi kuti undimvere chisoni, ndinasankha ndekha.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Kuti ndikhale mayi ako, ndachita kukutcha wabodza pamaso pa anthu. Unandisiyira njira ziwiri zokha, kukukana kapena kukutsutsa. Mwana sachita zotere kwa make, Pius. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma iwe mwendo wanga unali wabwinobwino, wachita kuuthyola wekha kuti alendo akumvere chisoni.

Vitus sakudziwa kuti ndikulemba zonsezi. Za mnzako watsopano uja munagwirana manja kumapeto kwa pulogalamu anamva. Anangondifunsa funso limodzi tikupachika fodya. Anati kodi chithunzi chija Pius ankachisungadi zaka zonsezi, kapena anachifukula chifukwa azungu anafuna choonetsa? Umuyankhe wekha, ndipo kalata yake ikhale yakeyake, usaiphatikize ndi yanga.

Ndalama usatumize, si zimene ndikufuna. Pempho langa ndi limodzi. Bwerera kwa anthu ako a makina aja ukawauze kuti unanama, ndi kuti nkhope ya Vitus aichotse kulikonse kumene akuionetsa. Ngati akufunadi kudziwa mayi wa ku Mchinji, abwere. Msewu ndi wa tala kuchokera ku Lilongwe, akatsike pa Kamwendo, aliyense adzawalozera pano poti masiku ano ndatchuka. Adzandifunse ine mwini, ndidzavala chitenje changa cha tchalitchi. Ndikudziwa kuti nkhani ya mayi amene anangowonjezera ndiwo siingawakomere, koma ndi yokhayo imene ndili nayo.

Ngati kunena zoona kungakulanditse mapepala, usapite. Ndilibe mtima woti akubweze kuno anthu ali chonchi. Koma ukatero undilembere ndi dzanja lako kuti amayi, simunandithamangitse. Ndikufuna ndiwerenge mawu amenewo ndisanafe, ngakhale atakhala owerenga ndine ndekha.

Atsibweni ako akupereka moni, ati Chizungu chako chakhwima koma anakana kunena kuti anyadira. Undiperekere moni kwa mnzako ukukhala nayeyo. Dzina lake sindinalimve bwino, ulilembe. Umuuze kuti akamakuyang'ana asamaganize kuti unachokera kwa chilombo.

Ambuye akusunge, akuteteze ku mipeni ya ku Joni ndi ku lilime lako lomwe. Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndidzaleka liti. Koma chitseko chili mmene unachisiyira.

Ndine mayi ako amene sanakuthamangitse,
Filomena Nankhoma