Madzi Akadali M'kamwa

South Bend, Indiana
19 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Kingsley,

Mawu oti "okondedwa" ndawalemba chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kuyamba kalata kusukulu, musaganize kuti mtima wanga wapola. Ndikhulupirira muli bwino ku Lawrence kumeneko, poti mphamvu zojambulira mauthenga n'kumatumiza kumudzi muli nazo. Ine kuno ndilipo, kuntchito ndikupita, nkhalamba zanga ndikuzisambitsa monga mwa masiku onse, koma mwana wanga Atupele sakuyankha foni yanga. Ndasankha pepala chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo ndikalimbikira mumandikumbutsa kuti munayamba ndinu kuona dzuwa. Pepalali simungalitseke pakamwa.

Ndikukumbutseni zimene zinachitika kumunda wa mphesa, poti mbali ina mwina simukuikumbukira bwino, pa chifukwa chimene tonse awiri tikuchidziwa.

Atupele wakulira kuno, ndipo za chinkhoswe sankazifuna n'komwe. Ndinachita kumunyengerera miyezi yambiri, kumuuza kuti ukwati wopanda nkhoswe kwathu amauyesa chibwenzi, komanso kuti bambo ake akanakhala moyo akanafuna zinthu ziyende mwa dongosolo. Anavomera chifukwa cha ine. Anapita yekha ku Lafayette Road kukagula chitenje, n'kumayeserera kumanga pagalasi mpaka chinasiya kugwa. Makolo a Edmond, mnyamata wakeyo, atatiitana kumunda kwawo kufupi ndi malire a Michigan kuti tikadziwane komanso tikalawe vinyo woti asankhe wa paukwati, ndinakuimbirani inu. Ndinu malume ake, ndinu mwinimbumba, ndipo ndinkati ndinu nkhoswe yake. Sindinakubisireni kuti anthuwa amakhalira vinyo. Munati palibe vuto, mkulu wa mpingo akhoza kugwira tambula osamwa. Atupele anakukonzerani ngakhale madzi a mphesa osasasa kuti musakhale chimanjamanja pakati pa anthu.

Bambo a Edmond anatilandira ngati abale. Ndi munthu wa manja ong'aluka ngati mlimi wa fodya wa kwathu, wosachulutsa mawu. Anatiyendetsa m'mizere ya mphesa, kutionetsa mbali imene anadzala atate awo, kenako anatilowetsa m'nyumba yozizira mmene muli migolo. Poyamba anathira vinyo woyera amene amamutcha chardonnay, n'kutifotokozera kalawidwe kake: uzunguze tambula, ununkhize, upsontheko pang'ono, usunge m'kamwa, kenako ulavulire m'kandowa kamene kanali pathebulo. Anati akanamameza zonse zimene amalawa pa tsiku, bwenzi thirakitala ataigwetsera mumtsinje kalekale. Tonse tinaseka. Inu simunamve, chifukwa munali panja, mukudzijambula pafupi ndi thirakitala yomweyo.

Munalowa atathira kale wofiira, pinot noir, amene bamboyo anati mgolo wake anauika padera tsiku limene Edmond anawauza za Atupele. Munapeza mwana wanga atalowetsa mphuno m'tambula, akupsontha, n'kulavula pamaso pa apongozi ake.

Sindikukana kuti kwathu zimenezo n'zachipongwe. Munthu akakupatsa chakumwa iwe n'kununkhiza, ndiye kuti ukumuyesa mfiti, ndipo kulavula ndiye osanena. Inenso nditangoona koyamba mtima unadumpha. Koma kufunsa ndi kudziwa njira, achimwene, ndipo ine ndinali pambali panu. Mukanangondikodola, ndikanakuuzani m'khutu. M'malo mwake munakuwa mpaka mawu anachita kubwerera m'migolo muja.

"Iwe Atupele, ukununkhiza chiyani? Akuthirira tameki apongozi akowa? Gwada pansi upepese!"

Mwanayo anakuyankhani m'Chingerezi chake, mofatsa, kuti umu ndi mmene amalawira. Inu munati akukuchalenjani pamaso pa alendo, n'kuloza pansi ndi chala. Ndipo anagwadadi. Mtsikana wamkulu, wogwira ntchito kuchipatala, wolemekezedwa ndi madokotala, anagwada pa simenti yonyowa ndi chitenje chake chatsopano chija. Edmond anafuna kumudzutsa, iye anakana. Amayi a Edmond anagwira pakamwa, osadziwa kuti alakwa chiyani m'nyumba mwawo momwe. Kwa eni kulibe mkuwe, koma inu munakuwa ngati muli pabwalo lanu.

Zikanathera pomwepo mwina ndikanapirira. Koma munatembenukira kwa eni nyumba n'kutulutsa Chingerezi chanu cha paguwa, kuwapepesa kuti mwanayu wakula wopanda bambo, ndipo mayi ake amangokhalira mashifiti, analibe nthawi yomulera. Achimwene, mashifiti amenewo ndiwo anamuphunzitsa mwanayo mpaka kumaliza. Pamene ndinkakwera basi m'chipale chofewa kupita kukasintha matewera a anthu osawadziwa, inu munkabwera kamodzi pa chaka kudzadya nkhuku ya Khirisimasi n'kumamuyesa mavesi. Lero ndinu woti mukandichotsere ulemu pamaso pa asebere anga tsiku loyamba kuonana?

Bambo a Edmond, munthu wa mtendere, anafuna kukuthandizani. Anatenga tambula yawo, ananunkhiza, anapsontha, n'kulavulira m'kandowa momwemo, akukuyang'anani. Ndinaona nkhope yanu. Munazindikira nthawi yomweyo kuti mwalakwa. Panangotsala kamawu kamodzi kokha, koti pepani, koma kanakukanikani. Munanyamula tambula ya pinot noir, n'kunena kuti inu muwaonetsa mmene munthu woleredwa amalandirira cha apongozi, n'kugugudiza yonse. Bamboyo posadziwa chochita anathiranso, inu munagugudizanso. Madzi a mphesa aja anakhala pathebulo mpaka kufunda. Pochoka apo n'kuti mutamwa ndi ya ine yomwe, jekete itathimbirira pachifuwa, mukuuza amayi a Edmond kuti kwathu muli ndi munda woposa wawo. Galimoto yanu ndinayendetsa ndine, inu mukuimba nyimbo za m'buku pampando wakumbuyo, ndipo munagona pa sofa wanga ndi nsapato zomwe.

Kutacha munanyamuka osatsanzika. Ndinkati ndi manyazi, ndipo ndinakumverani chisoni pang'ono. Osadziwa kuti mukuthamangira kukajambula uthenga wopita kumudzi. Amayi aang'ono anandiimbira kuchokera ku Mitundu akulira, akuti amva kuti ine Magdalene ndikupereka mwana kwa ofulula mowa, mwanayo amalavulira apongozi, ndipo a Kingsley akana kuima ngati nkhoswe pokhapokha vinyo atachotsedwa paukwati. Nkhani munaikamba bwino, kungoti munaidula miyendo. Za matambula anu aja simunatchuleko. Ine mpaka lero sindinauze munthu, ngakhale mlamu wanga, ndipo musaganize kuti n'chifukwa chokuopani.

Poti mumakonda milandu ya kumpingo, ndikupatseni umodzi waulere. Chardonnay uja ine sindinalavule. Ndinameza, ndipo anandikomera, anali ndi kafungo ka maapulo. Ngati mukufuna kukandinenera kwa abusa, tiyeni tipitire limodzi, tikakhale benchi imodzi, aliyense akanene kuchuluka kwa zimene anameza.

Koma chimene chikundisowetsa tulo si inu. Lachiwiri ndinapita kunyumba kwa Atupele m'tauni muno. Anatsegula chitseko koma sanandipatse mpando. Anandiuza m'Chingerezi kuti amalume ndi amalume, sankayembekezera zambiri kwa iwo. Kenako mwana amene Chichewa amangomva, amene kuyambira ali wamng'ono sanandiyankhepo m'chinenero chathu, anachita kusankha mawu amodziamodzi n'kunena kuti:

"Ndinakuyang'anani, amayi. Inu munayang'ana pansi."

N'zoona, ndinayang'ana pansi. Ndinaleredwa kuti mlongo wako wamkulu akamayankhula pa anthu sumutsutsa, ndipo lilime langa linauma pa nthawi imene mwana wanga ankalifuna. Mlandu umenewo ndi wanga, ndiusenza ndekha, koma amene munandiika pamenepo, kuti ndisankhe pakati pa ulemu wanu ndi mawondo a mwana wanga, ndinu. Atupele anandipatsa chitenje chija atachipinda bwinobwino, mawanga a simenti akadali pomwepo. Akuti chinkhoswe kulibe. Akuti akamangitsa ukwati kukhoti ndi mboni ziwiri, ndipo sananene ngati ine ndili m'gulu la oitanidwa. Tsiku lotsatira Edmond anabwera ndi dengu la mphesa lochokera kwa amayi ake, kudzafunsa ngati pali mwambo wathu umene anauphwanya kuti apepese. Anthu munawachitira phokoso m'nyumba mwawo ndi amene akupepesa. Ndinasowa poika nkhope. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndiye wanu mlomo munausiya kumeneko, koma amene akuupeza ndine.

Munanena kuti kulavula n'chipongwe. Kodi mwaiwala chaka chimene atate anakangana ndi ang'ono awo pa nkhani ya malire a dimba, mpaka mabanja awiri osapatsana moto? Tsiku lomaliza nkhaniyo atate anaitana tonse. Anatunga madzi, anasunga m'kamwa, analavulira pansi, n'kunena poyera zonse zimene zinali kumtima kwawo, zolakwa zawo zomwe. Ang'ono awo anachita chimodzimodzi, ndipo madzulo ake tinadyera pamodzi. Amene munagwirizira chikho tsiku limenelo munali inuyo. Ndiye musandiuze kuti simudziwa zoti pali zinthu zina zimene munthu sayenera kumeza.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Msewu wa 31 mumaudziwa, sunasinthe. Bwerani kuno, tipite limodzi kwa Atupele, mukamupepese. Baibulo mulisiye m'galimoto, miyambi muisiye ku Lawrence, mukangonena kuti munalakwa. Sindikuti mukagwade, ngakhale simenti ya kwa iye ndi youma. Mukatero mujambulenso uthenga wopita kumudzi, nkhani ikhale ndi miyendo yake yonse. Makolo a Edmond atiitananso pa Thanksgiving, phwando lothokoza la kumapeto kwa Novembala. Likafika tsiku limenelo musanabwere, ndikapempha Yohane wa amayi aang'ono, amene ali ku Lafayette Square, kuti aime m'malo mwanu, ngati mwanayo angalolenso kumva mawu oti nkhoswe. Anthu adzafunsa kuti malume ake enieni ali kuti, ndipo ulendo uno sindidzayang'ana pansi. Atupele akakana zonse n'kupita kukhoti, ndidzapita ndithu, andiitane asandiitane, ndikaime ngakhale pakhonde. Mwana ndili naye mmodzi yekha.

Mundiperekere moni kwa mlamu wanga Tusekele. Anandifunsa pafoni za jekete yanu, ndinamuuza kuti munaiiwala kuno ndipo ndikuichapa. Sindinaname, ndaichapadi kangapo, koma banga la pinot noir silikuchoka. Moni kwa Bongani, mumuuze kuti azakhali ake anamva zoti wakhoza mayeso ndipo anyadira. Moni kwa Sophia wanga wokondedwa. Mumuyang'ane bwino mwanayo akamadya pathebulo panu, chifukwa nayenso tsiku lina adzabwera ndi munthu pakhomo, ndipo adzafuna azakhali oti amuimire.

Moni wanu ndausunga kuno, mudzautenge nokha pamodzi ndi jekete. Madzi ine ndatunga kale, ndipo ndili nawo m'kamwa. Sindinalavule.

Ndine,
Make Atupele