Bokosi la Achimwene

Lolemba, 12 Ogasiti 1974

Zatsimikizika, tikusamuka Loweruka. Bambo a Esteri abwera ndi makiyi pochokera kuntchito, awiri, omangidwa ndi kawaya. Nyumba ya akalaliki akuluakulu, kumtunda kwa fakitale ya tiyi. Zipinda zitatu, pabalaza, mpope pakhomo pomwepo. Zaka khumi ndi chimodzi m'malaini muno, chipinda chimodzi chodula ndi katani!

Akuti thirakitala ya esiteti iyenda ulendo umodzi basi, choncho zosafunika zitsale. Ndaunjika milu itatu: zopita, zopatsa anthu, zootcha. Wa zootchawo ukukana kukula. Ndikangogwira mbale yobooka, mtima ukuti ungadzalemo maluwa.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndinakayeza mazenera ndi chingwe. Pabalaza awiri. Makatani obiriwira, nsalu ndinaiona pa Chitakale. A Mustafa, kalipentala wa pa Chonde, akuti mipando inayi ndi tebulo atha Lachisanu. Makhushoni ndisoka ndekha. Kabati yagalasi idikire chaka chamawa. Chithunzi cha a Pulezidenti moyang'anana ndi chitseko, bambo a E. akuti chikhale pamwamba pa chathu chaukwati.

Nditabwerako ndinakoka bedi kuti ndisese. Bokosi lachitsulo la achimwene a Alufeyo. Sikuti ndinaliiwala, ndinangosiya kuliona. Analibweretsa zaka ziwiri zapitazo, tsiku lomwe anawaotchera nyumba ku Thuchila chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Iwo ndi a Mboni, mpingo umene boma linaletsa. Anangoti, "Rosie, undisungire, ndidzatenga." Anadutsa malire kupita ku Milanje. Mpaka lero zii.

Ndalikankhiranso kunsi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Tathyola loko. M'katimo suti yawo yaukwati yodyedwa ndi njenjete, mabuku a mpingo wawo asanu ndi anayi, magazini mtolo wathunthu. Pansi penipeni Baibulo la malemu bambo athu. Patsamba loyamba pali dzanja la bambo: maina athu tonse asanu ndi awiri, ndi dzina la mudzi umene anachokera ku Mozambiki. Koma achimwene analemalema m'mphepete monse, n'kudindapo chidindo cha mpingo wawo.

Bambo a E. anatuluka thukuta, chonsecho kunja kuli chiperoni. Amalankhula monong'ona, poti khoma lathu limamva zonse.

"Zonsezi pamoto. Baibulo lomwe."

Ine, "Baibulo la bambo anga?"

"Akalipeza safunsa kuti ndi la ndani. Mukufuna ndikaolere kundende, mayi a Esteri? Ana atatuwa mudzawalera nokha?"

Akunena zoona. Kuseri kwa khomali kuli a Samueli, kalaliki mnzawo, amene nawonso ankaifuna nyumba ija. Akazi awo, mayi a Janet, ndiwo atcheya a amayi a chipani m'malaini onse ano. Chitilandirire makiyi moni wawo watalika.

Kope ili nalonso ndi la pamoto. Koma ndikapanda kulemba ndiphulika.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Phazi likuwawa, koma ndiyambe poyambira.

Ana atapita kusukulu ndinakoleza moto kudzala. Pansi mabuku, pamwamba mphasa yakutha, sanza, dengu lothyoka. Sindinkadziwa kuti buku silipsa msanga. Kunja limada bii, ukalitembenuza m'kati muli mbee, zilembo zonse zikuwerengeka. Ndinachita kung'amba limodzilimodzi, utsi uli m'maso.

Posakhalitsa mayi a Janet ali kumbuyo kwanga. "Zabwinozabwino mukuotcha nokha, anzanu osatigawira?" Maso ali pamoto. Ndinati tiyeni kunyumba, kuli mbaula ndi ndowa zomwe ndakusungirani. Iwo osasuntha. Kamphepo kanabwera, pepala loyaka theka linauluka n'kutera pafupi ndi phazi lawo, mutu wa magazini uli pamwamba. Ndinaliponda, wopanda nsapato. Ndinaima pomwepo ndikumwetulira, moto ukundidya kuphazi, mpaka ndinawalonjezanso kalilole wanga wamkulu. Ndi pamene anatembenuka.

Tili pakhomo anati Loweruka abwera ndi amayi anzawo komanso anyamata a chipani a Yufi kudzatithandiza kunyamula. "M'chipani timathandizana." Kenako, ndowa ili m'manja, "Nanga alongo anu aja, mumamva za iwo?"

Ndinati, "Ine ndilibe mlongo."

Anatuluka mosavuta mawu amenewo. Ndi zimene zikundiwawa kuposa phazi.

Baibulo sindinaotche. Lili m'dengu la zosoka.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Mipando yafika, ikununkha vanishi. Makhushoni anayi ndamaliza, m'kati thonje ndi zigamba za malaya akale. Yachitatu ndi yolemerapo. Ulusi wakuda unandithera potseka, ndamalizira ndi wofiira.

Bambo a E. anafunsa, "Zonse zapsa?" Ndinati zonse.

Loweruka, 17 Ogasiti

Anafika m'mamawa, amayi asanu, anyamata atatu a malaya ofiira. Anayamba ndi kuona makhadi athu, ati ndi mwambo chabe. Kenako chilichonse kutsegula, "kuti tipakire bwino." Thumba la nyemba analowetsamo dzanja mpaka m'chigongono. Matiresi anaipinda kawiri. Mnyamata wina wamtali anagogoda bokosi lachitsulo, loko ili lendelende.

"Munali chiyani umu, mayi?"

"Zovala. Njenjete zinadya."

Analinunkhiza. Sindikudziwa ngati mapepala amasiya fungo.

Makhushoni ananyamula mayi a Janet okha, onse anayi, atawakumbatira pachifuwa. Ine kumbuyo kwawo ndikutsimphina ndi nyale m'manja.

Kunyumba yatsopano ndinawaphikira tiyi. Pa mipando yonse inayi, mayi a Janet anasankha wachitatu. Anakhala, anasuntha, anakhalanso.

"Iyi ndiye yolimba bwanji, ngati mwaikamo njerwa."

Ndinati thonje linandithera, ndinapanikizamo sanza zambiri. Anaseka, amayi enawo n'kuseka nawo. Anamwa makapu awiri. Anafunsa za makatani, anayamikira mpope, anati a Samueli akanaika tebulo pazenera. Chala chawo chikungoseweretsa msoko wofiira uja.

Bambo a E. anaima pakhomo, nyundo ili m'manja, chithunzi asanapachike. Anayang'ana khushoni, anayang'ana ine. Alendo atapita sanandilankhule. Anadya, anakagona.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kutchalitchi sindinamve chilichonse. Njira yonse pobwerera bambo a E. patsogolo, ine pambuyo.

Titafika anatuma ana kukathyola masamba. Anatseka chitseko, pamazenera n'kupachikapo zitenje zanga, poti makatani kulibe. Ananyamula khushoni yachitatu, anaiyeza m'manja, anaisindikiza pakati ndi chala chachikulu. Ndinaima pafupi ndi tebulo ndikudikira kuti anditume machesi. Ndinali nditakonzeka kugwada.

Anafunsa, "Maina aja alimo onse? Ndi la Alufeyo lomwe?"

Ndinati alimo.

Anaika khushoni pamiyendo n'kuyang'ana msoko. Kenako anati, "Ulusi wofiirawu ukuitana maso. Mumasule, musokenso ndi wakuda, ndikugulirani mawa pa Chitakale. Muwonjezere thonje pamwamba." Anaibwezera pampando, n'kukokera mpandowo pakona, kutali ndi chitseko. "Kuyambira lero mpando uwu ndi wanga. Asakhalepo munthu wina, kaya ndi abusa."

Akhala pomwepo mpaka pano, wailesi ili pamwendo. Sanaitsegule.