Galimoto Yalowa M'chuma cha Masiye

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji ku Lundazi kumeneko? Kuno ku Kitwe tilipo, ndipo mwendo wa amayi wayamba kupola.

Akulu a mpingo aja amene anandigulitsa galimoto tinawaika m'manda Loweruka. Dzulo achibale awo anabwera kudzatenga makiyi. Akuti ndi chuma cha masiye, poti buku la galimotoyo likadali m'dzina la malemu. Ndinkachita manyazi kuwakakamiza akuluwo akadali moyo kuti tikasinthe dzina.

Ndinawaonetsa mapepala a inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu, zonse zolipira ine. Mng'ono wa malemu anangoti, "Zikomo potisungira, mwana wanga."

Ndinangotulutsa nsapato za ana m'galimotomo n'kuwatsegulira geti.

Inu nokha ndinu munalipo tsiku logula lija. Chonde aimbireni foni achibalewo asanagawane katundu.

Ambuye akusungeni.

Ine mphwanu,
Yohane